Yankho la pa voisi noti: za mitengo ya feteleza ku munda wa agogo

Halo... ikujambula? Eya. Asuweni, mwaswera bwanji ku Joniko? Funso lanu ndaliona pagulupu, lija mwati kodi n'zoona kuti akafukufuku apeza mitengo yoti ukabzala m'munda chimanga chimabereka popanda feteleza, ndiye bwanji ifenso osayesa ku munda wa agogo. Ndingolankhula, manja ali ndi matope, ndikuchokera kudimba.

Koma inu asuweni, inu! Munthu woti khasu munalitaya muli Fomu 2, lero mwadzuka ndi chikondi cha nthaka, mwezi wa Okutobala? Hehe. Ndakumvani. Ndakumvani bwinobwino, dikirani ndifikapo.

Mitengoyo ilipodi, si bodza la pa Facebook ayi. Ndi gliricidia. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anayamba kuiyesa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, munda womwewo chaka ndi chaka, ndipo chimanga chinkaposa kutali cha pamalo opanda kanthu. Umaidulira, masamba aja n'kukwirira m'mizere, akaola ndiye chakudya cha chimanga. Palinso msangu. Msangu mukuudziwa, uja wa pafupi ndi chulu, pomwe munabayidwa ndi minga paja... ayi, anabayidwa ndi achimwene anu, inu munangothandiza kulira. Umayoyola masamba dzinja pomwe mitengo ina ikuphukira, ndiye suphimba chimanga. Koma msangu umenewo agogo anaupeza uli waukulu kale.

Tsono mverani za amalume aakulu, poti nthawi imeneyo n'kuti mutapita. Alangizi atabwera kuno ku Santhe ndi ulimi wa mtayakhasu, woyamba kukweza dzanja anali iwo. Amalume omwe aja, a fodya, oti mzere ukapindika pang'ono amakubwezetsa! Anati basi, mizere yatha, tiziphimbira. Anayamba kututa mapesi pangolo, a m'munda mwawo, a kwa amayi, mpaka kukapempha kwa eni ake aja sitilankhulana nawo aja. Munda wonse mapesi okhaokha, yalaa. Anthu podutsa ankati mkuluyu ulesi wamugwira ukalamba uno. Akazi awo osayankhula, kumangoyang'ana.

Seputembala, anyamata osaka mbewa anayatsa. Zonse psiti! Amalume anafika akupeza phulusa ndi mauna okumbidwa, wina ali ndi mbewa zake pampani, n'kuwafunsanso ngati agule. Chaka chinacho anati ndiona, analambula njira kuzungulira munda, madzulo kumakakhala komweko ndi wailesi yawo. Moto sunalowe. Kunalowa mbuzi. Mukudziwa kuno tikangokolola ziweto zimatayiriridwa, ndiye chifukwa chake nandolo kuno savomera ngati kummwera, amatha asanakhwime. Ndiye mbuzi, ng'ombe, zonse kwa amalume, kudya mapesi aja. Iwo n'kuvala jekete ya kutchalitchi, kukasuma kwa amfumu. Koma theka la mbuzizo ndi la amfumu omwewo! Amfumu akuti anamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa kuti, kodi mbuzizo pa msonkhano wa alangizi zinalipo? Ine asuweni ndinaseka mpaka misozi, amayi anachita kunditsina.

Koma tisawaseke kwambiri. Ng'amba ya mu 2024 ija, ya El Niño, yomwe a Chakwera analengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi, chimanga chathu chinapota masamba, nthaka gwa. Kwa amalume ukakanda pansi pa mapesi ndi chala umapeza chinyontho. Anakolola. Osati zambiri, koma anakolola, ndipo ena a ife tinakadya komweko. Chimene sanena akamadzitama pa maliro n'chakuti feteleza ankathira. Ankathira ndithu, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe. Ndinawaona ine ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando, m'mamawa anthu asanadzuke.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya. Asuweni, tisazungulire. Inu simukufunsa za mitengo. Mukufunsa ngati chaka chino mungapume osatumiza ya feteleza. Yankho ndi lakuti tumizani. Gliricidia ukabzala lero sakupatsa kanthu dzinja lino, amafuna zaka ziwiri, zitatu kuti masamba achuluke. Ndipo a ku Makoka omwewo anapeza kuti zimakoma koposa ukaphatikiza mitengoyo ndi feteleza pang'ono. Nthaka ya agogo mukuidziwa, mchenga, inatopa ndi fodya kalekale, kaufiti ndiye wachita kufiira kumtunda konse.

Sindikukunenani ayi, ndikudziwa kumeneko zinthu zavuta. Kunonso. AIP, ija ya feteleza wotsika mtengo wa boma, itayamba mu 2020 thumba tinkaombola pa K4,495, kenako K7,500, kenako K15,000, ndipo si chaka chilichonse pomwe dzina la agogo linkatuluka. Kusitolo, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo unangokwera mpaka kudutsa K100,000 thumba limodzi. Ndiye sindikuti matumba anayi ngati kale. Mverani mmene ndaganizira. Kumtunda kwa kaufiti kuja chimanga chipume, tiikeko soya ndi mtedza wa CG7, uja wa ku Chitedze, mizere iwiri pa mzere umodzi. Zimenezo zimasiya chonde, chaka chamawa chimanga chidzabwerera pomwepo. Kumunsi chimanga, kabzalidwe ka Sasakawa, mbewu imodziimodzi pa phando. Feteleza wina ndipanga wa Mbeya, kusakaniza ndowe, madeya, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Ndowe ndikatenga kwa amfumu, mbuzi zawo zija zibwezeko ngongole ya amalume.

Mitengo yanuyo sindikukana. Mbewu ndifunsa kwa alangizi, ndifese m'machubu kudimba. Koma muyambe mwawaimbira amalume, osati kulemba pagulupu, kuwaimbira. Mukudziwa nokha kubzala mtengo pamunda uja kunatifikitsa pati nthawi ya bambo aang'ono ija. Sindibwereza, ana akumvera.

Choncho matumba awiri, asuweni, wokulitsa limodzi, wobereketsa limodzi. Mitengo ibwera m'mbuyo, siilowa m'malo mwa chaka chino. Ndipo musadikire Disembala ngati chaka chatha... chabwino, dzana lija, chaka chatha munayesetsa. Mvula ikangogunda mavenda amakweza. Pa Mukuru pomwe paja, nambala sinasinthe. Awiri. Mwamva? Moni kwa alamu, muwauze kuti ndati asamakubisireni foni ikafika nkhani ya ndalama. Iwe, chotsa nkhukuyo pa mphale! Basi, ndatseka.