Komwe mungayambire ndi khanda la trisomy 18 kuno ku Harare

Pepani kwambiri, mayi. Mwafunsa komwe mungapeze madokotala odziwa za trisomy 18, vuto lobadwa nalo limene limasokoneza kakulidwe ka mwana, poti achipatala akuganiza kuti mwina khanda lanu labadwa nalo.

Yambirani kwa dokotala wa ana. Kuchipatala komwe munachirira akupatseni kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, komwe kuli chipatala cha ana. Mukafika, funsani ngati magazi anayezedwa karyotype. Kuyeza kumeneku n'komwe kumatsimikiza kuti makromozomu (tinthu ta m'maselo tonyamula zachibadwa) a nambala 18 alipo atatu m'malo mwa awiri. Kungoona nkhope ndi tizala topindana sikukwanira.

Ana ambiri otere amabadwa ndi vuto la mtima, choncho kakamirani kuti amuunike ndi echo, makina ounikira mtima. Koma chimene chimasautsa tsiku ndi tsiku ndi kuyamwa ndi kupuma. Anamwino akuphunzitseni kumwetsa mkaka ndi kachubu musanatuluke, ndipo bambo ake aphunzire nawo, musasenze nokha.

Akatswiri a zachibadwa ndi osowa kuno. Dokotala wanu angathe kufunsira nzeru ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, khanda lisavutike ndi ulendo. Ndipo wina asakunamizeni kuti munalodzedwa kapena munalakwitsa muli oyembekezera. Kawirikawiri zimangochitika mwangozi pamene dzira kapena umuna ukupangika.