Musagule sensa musanadziwe kodi ya vuto imene yayatsa nyale

Achimwene, mwanena kuti Toyota Allion yanu yayatsa nyale ya check engine, ikumwa petulo kuposa kale, ndipo wina wakuuzani kuti musinthe sensa ya oksijeni, imene imayeza oksijeni mu utsi wa mu ekizozi. 

Nyaleyo payokha sinena kuti sensa yafa. Pitani kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, ndipo mulembe nokha kodiyo, yomwe ndi nambala ya vuto imene makinawo aonetse, papepala iye asanaifufute. Makina ena otchipa salumikizana ndi magalimoto akale ochokera ku Japan, choncho akalephera kuwerenga musavomere kuti angoyerekeza. Kodi ya P0135 imaloza waya wotenthetsa sensa yakutsogolo, ndipo nthawi zina vuto limakhala fyuzi kapena waya wopsa chifukwa chokhudza ekizozi. P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo, ndipo apa sensa imakhala ikungonena zimene yaona, pamene wolakwa ndi paipi yong'ambika, MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini) yodzaza fumbi kapena pampu ya petulo yofooka. P0420 imanena za catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi mu ekizozi, ndipo ngati inachotsedwa kale, monga zilili ndi magalimoto ambiri kuno ku Chipata, sensa yatsopano siidzazimitsa nyaleyo.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa cha zimene zinachitikira Corolla ya mlamu wanga. Iye amayenda kwambiri m'misewu ya kumidzi cha ku Chadiza, ndipo ekizozi inagunda mwala n'kung'ambika pang'ono pamwamba pa sensa. Mpweya wakunja unkalowera pamng'alupo, sensa n'kumaona oksijeni wochuluka, kompyuta n'kumawonjezera petulo mpaka mapulagi kuda bii. Galaja ina, imene sinditchula, inamugulitsa sensa ya universal, yopangidwira magalimoto osiyanasiyana, inadula mawaya a yakale n'kungowapotokola pamodzi ndi tepi. Nyale itayakanso, anamuuza kuti sensayo inali yoipa ndipo agule ina, ndalama ya ntchito n'kulipiranso. Amene anathetsa vutolo ndi wowotcherera zitsulo, pa ndalama yosafika K200, koma pofika nthawiyo pulagi yoyambirira yolumikizira mawaya a sensa inali itatayidwa kale ndipo anavutika kupeza ina. Choncho m'mawa injini isanatenthe, ilizeni ndi kumvetsera ngati pali kaphokoso kopuma pafupi ndi manifodi (pamene ekizozi imalumikizana ndi injini), muonenso ngati pali mwaye wakuda polumikizira mapaipi.

Ngati ekizozi ili bwino, makaniko akuonetseni pa makinawo mmene sensa ikugwirira ntchito injini itatentha. Sensa wamba imakwera ndi kutsika mofulumira pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt, ikangoima malo amodzi kapena ikamachedwa, ndiye kuti yatopadi. Dziwani kuti Toyota zambiri zili ndi sensa ziwiri, ina patsogolo pa catalytic converter ndi ina kumbuyo, ndipo yakutsogolo pa magalimoto ena ndi ya mtundu wa air-fuel, imene imaoneka ngati inzake koma siwerengedwa mofanana ndiponso sizisinthanitsidwa. Imene imakhudza kwambiri kamwedwe ka petulo ndi yakutsogolo.

Pogula, tengani nambala ya chassis kapena nambala yolembedwa pa sensa yakale, mufune ya kampani ya Denso yobwera ndi pulagi yake. Mutha kuitanitsa ku Lusaka pa basi. Mukaona yotchipa kwambiri m'bokosi lolembedwa Denso, isiyeni pomwepo. Yochotsedwa pa galimoto ina sindikulangizani, chifukwa palibe amene angakuuzeni makilomita amene yayenda.

Amene akuuzani kuti muviike sensa yakale mu petulo usiku wonse, kapena muchotse batire kuti nyale izime, akungokuchedwetsani, chifukwa kuchotsa batire kumafufuta kodi imene mukufunika kuiona. Poika yatsopano, injini ikhale yofunda koma osati yotentha, muthire mafuta omasulira dzimbiri, muzule pulagi kaye kuti mawaya asapotoke, ndipo mugwiritse ntchito soketi ya 22 mm yokhala ndi mpata wa waya. Yambani kumanga ndi dzanja, chifukwa mazinga a pa manifodi akawonongeka ntchito imakula kuposa mtengo wa sensa. Girisi kapena silikoni zisakhudze nsonga yake.

Ngati injini yanu ikutulutsa utsi wabuluu kapena ikumaliza madzi a mu rediyeta popanda kudontha poonekera, konzani zimenezo poyamba, chifukwa oyilo ndi madziwo zikamapsa mu injini zimawononga ndi sensa yatsopano yomwe. Mukawerengetsa, tumizani kodiyo pamodzi ndi chaka cha galimoto ndi mtundu wa injini, kaya ndi 1NZ kapena 1ZZ, ndikuuzeni sensa imene ikukhudzidwa.