Nyali zothobwa m'maso usiku: magalasi achikasu ndi mababu a LED muwasiye kaye

Achimwene, mwati nyali zoyera mbee za galimoto zamakonozi zikukuthobwani m'maso mukamayendetsa usiku, ndiye mukufunsa ngati mugule magalasi achikasu kapena nanunso muike mababu a LED. Ine ndikuti zonse ziwirizo muzisiye kaye.

Magalasi achikasu amachepetsa kuwala konse kolowa m'diso. Maso amamva kuzizirira ndithu, koma munthu wovala zakuda amene akuyenda m'mphepete mwa msewu uja mumamuona movutikirapo.

Za mababu a LED ndikulankhula zomwe zinandionekera. Ndinawaika mu nyali zopangidwira mababu a halogen (mababu wamba okhala ndi kawaya koyaka mkati), ndipo aliyense wokumana nane ankandiphethirira magetsi ngakhale ndili pa dimu. Usiku wina ndinaimika galimoto moyang'ana khoma. M'malo moti kuwala kudulike pa mzere woongoka, kunali mbwee mpaka kudenga. Mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali inaumbidwa motsatira pamene kawaya ka halogen kamayakira, choncho mukasintha gwero la kuwala imangomwaza paliponse. Zinandipweteka mtima kuganiza kuti ndakhala ndikuchititsa khungu anzanga, ndipo m'mawa mwake ndinawachotsa.

Yambani ndi galasi lakutsogolo, makamaka mkati mwake. Limachita kachifunga ka mafuta ndi fumbi kosaoneka masana, koma usiku nyali iliyonse imasanduka chinyenyezi chachikulu. Lipukuteni bwino, ndipo mawaipa akatha musinthe.

Kenako kayezetseni maso. Ng'ala ikamayamba sipweteka, imangomwaza kuwala mkati mwa diso, moti ambiri amayamba kuizindikira poyendetsa usiku. Komanso munthu akamakula, maso amachedwa kubwerera m'malo akathobwa. Ichi musachizengereze chonde.

Nyali zanu nazonso muzione. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita 10 kuchokera pakhoma, muyatse dimu. Pa galimoto zambiri mzere wa kuwala uyenera kugwa pafupifupi masentimita 10 kunsi kwa msinkhu wa nyalizo, n'chifukwa chake pa nyali zambiri pamalembedwa 1%, kutanthauza kutsika kwa sentimita imodzi pa mita iliyonse. Zikapanda kutero, makaniko amakonza pa mphindi zochepa. Ngati pafupi ndi chiwongolero pali kagudumu ka manambala 0 mpaka 3, mukanyamula anthu kapena katundu kumbuyo muzikatembenuza, chifukwa mphuno ya galimoto imadzuka ndipo nyali zimaloza m'maso mwa anzanu.

Pamsewu, wina akabwera ndi nyali zoboola m'maso, musamuyang'ane. Ponyani maso pa mzere wa m'mphepete mbali yanu, muchotse phazi pa moto. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Mukathobwa masekondi atatu okha mwadutsa mamita oposa 60 osaona kanthu, ndipo wapanjinga wopanda nyali amakhala pomwepo. Mphethirireni kamodzi kuti adime, koma musamubwezere ndi fulu, chifukwa mukatero akhungu mwakhala awiri mukuthamangirana.

Akakuthobwani wakumbuyo, pa galimoto zambiri pansi pa galasi loonera kumbuyo pali kachogwirira kakang'ono. Katembenuzeni, nyali zake zizilala koma muzimuonabe. Mukayeza pakhoma paja, tumizani chithunzi chake tikuthandizeni kuona ngati mzere uli pabwino.