Turbo pa RX-8? Achimwene, tiyeni tikambirane kaye

Achimwene ena anditumizira imelo. Ali ndi Mazda RX-8 ya 2005, akuti ponyamuka imachita ulesi, ndiye akufuna kuimangirira turbo, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Funso lawo ndi lakuti kodi n'zotheka? Nditangowerenga ndinapukusa mutu, chifukwa galimoto imeneyi inatizunguza pabanja pathu.

Alamu anga anaitanitsa yofiira kuchokera ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Itafika ku Lilongwe, ana sanafune kutsikamo, ankangosewera ndi zitseko zing'onozing'ono zakumbuyo zija zotsegukira chammbuyo. Pa M1 ikakwera marevu inkalira ngati mavu oputidwa, alamu mano onse pamtunda. Ndiye m'mawa wina anangoiliza kuti aisunthe pageti, n'kuizimitsa isanatenthe. Basi, inakaniratu. Petulo anadzaza mkati, mapulagi n'kunyowa. Makaniko amene tinamuitana anatsegula boneti, anasuzumira uku ndi uku, kenako n'kufunsa kuti, "Bwana, head yake ili pati?" Munthu wodziwa ntchito ndithu, ma Corolla amawakonza atatsinzina, koma apa anangogwira m'chiuno.

Injini imeneyi ilibe head, ilibenso mapistoni. Muli ma rotor awiri a makona atatu omwe amazungulira m'zipinda zawo, onse pamodzi 1,308cc. Pa kona iliyonse pali kachitsulo kopyapyala kotchedwa apex seal, ndipo moyo wonse wa injini uli pamenepo. Injini yotereyi amaitcha rotary, ndipo nzeruyi ndi ya Felix Wankel wa ku Germany. Kampani ya NSU ya komweko inatulutsa galimoto ya rotary yotchedwa Ro 80 mu 1967, tizitsulo tomweti tinkatha msanga mpaka kampani inasauka ndi kusinthira anthu mainjini. Mazda ndi amene anakakamira, kuyambira Cosmo Sport ya chaka chomwecho.

Tsono mvetsani, achimwene. Injini ya RX-8, ija amaitcha Renesis, compression yake (mlingo wa mmene imafinyira mpweya ndi petulo) ndi 10:1. Ya RX-7 yomaliza (mkulu wake wa RX-8), 13B-REW, imene inabadwa ndi ma turbo awiri, anaitsitsa dala kufika 9:1. Komanso Renesis imatulutsira utsi m'mbali, ndipo mukaipopera mpweya wambiri moto umaunjikana pomwepo n'kuwotcha ma seal a m'mbali. Injini ya mapistoni ikagogoda pang'ono (petulo akaphulika mosalongosoka mkati) imapirira. Rotary ayi. Kugogoda kamodzi kapena kawiri, apex seal yathyoka, tizidutswa take takanda chipinda chonse. Kumeneko kulibe zoti tikabowetsa block, ndi kugula zatsopano basi.

Ine ndinenepo mosabisa: ambiri amene amati RX-8 ndi yaulesi amaiyendetsa ngati Vitz. Kusintha giya pa 3,000! Mphamvu yake ili kumwamba, ya manual ya magiya asanu ndi limodzi mzere wofiira uli pa 9,000, ndipo kuinyengerera n'kumene kumadzaza mwaye mkati. Ngati yanu ndi automatic ya magiya anayi, imeneyo ndi injini yocheperako mphamvu kuchokera kufakitale, ndipo za turbo ingoiwalani. Mazda 787B imene inapambana mpikisano wa magalimoto wa Le Mans mu 1991 inali ndi ma rotor anayi, turbo inalibe. Komabe anyamata a pa Facebook sawerengera galimoto ngati sikuchita "pssh" posintha giya.

Nanga petulo? Galimoto imeneyi imamwa kale ngakhale musanaikhudze, ndipo ku Japan imamwa wa octane yapamwamba. Ife kuno pa pampu sitisankha, chimene chilipo ndi chomwecho, ndipo masiku a mizere ena amathira wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera. Petulo wotereyo pa injini ya turbo ndiye kugogoda kuja. Mahampu athu ndisanenepo. Intercooler, yoziziritsa mpweya wa turbo, imakhala pansi kutsogolo, RX-8 njaifupi kale. Alamu ankadutsa hampu chopingasa, ma minibasi akuimba mahutala kumbuyo.

Ngati mwatsimikizabe

Yezetsani compression ndi chida cha rotary, chimene chimaonetsa nkhope zitatu za rotor iliyonse, injini ili yotentha. Ikakhala yotsika, kapena ngati galimoto imavuta kulira ikatentha, ndalama za turbo zipite kokonzetsa injini. Ikakhala bwino: makoyilo ndi mapulagi atsopano, pampu ya petulo ndi ma injector akuluko, radiator yabwino, intercooler, boost (mphamvu ya mpweya wa turbo) osapitirira 5 kapena 6 psi, ndiponso kaoyilo ka two-stroke m'thanki kothandizira ma seal. Chachikulu ndi munthu wodziwa kutchuna kompyuta ya rotary pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Mupezeni iyeyo kaye musanagule ngakhale bawuti imodzi. Ngati mukufuna mphamvu zenizeni, njira ndi kuikamo 13B-REW, koma mtengo wake ukhoza kuposa umene munagulira galimotoyo.