Funsani za M'khitchini: Zam'paketi Kapena Zophika Nokha?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za zakudya zobwera zokonzedwa kale m'mapaketi ndi m'zitini. Akuyankha ndi akatswiri a zophikaphika ndi alangizi a kadyedwe omwe amathandiza tsamba lino.

Ndimaweruka kuntchito dzuwa litalowa, ana njala itawapweteka. Bambo akunyumba akuti zam'paketi n'kuwononga ndalama, ine ndikuti mphamvu zanga nazo zili ndi polekezera. Akulondola ndani?
*Mayi wa ana atatu*

Mayi, nonse muli ndi mfundo, kungoti mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Pali zam'paketi zimene fakitale yangokuchitirani ntchito yotopetsa, monga kusenda, kudula, kuwiritsa, kuumitsa kapena kuziziritsa. Apa tikunena nyemba zam'chitini, tomato wam'chitini, nsomba zam'chitini, mkaka waufa ndi masamba oumitsidwa mufiriji. Ndiye pali zina zimene fakitale yakuphikirani mpaka kukuthirirani mchere, shuga ndi mafuta: msuzi wam'botolo, supu waufa, nyama zokutira ufa zongofunika kukazinga, chakudya chathunthu chongotenthetsa. Zoyambazo gulani mtima uli m'malo. Zachiwirizo n'zimene zimadya ndalama, ndipo mchere wake simuuona pamene ukulowa.

Pa nkhani ya ndalama, musayerekeze mtengo wa paketi ndi wa paketi inzake. Werengerani chimene chifike m'mbale. Chitini cha nyemba cha magalamu 400, mukakhetsa madzi ake, mumatsala ndi nyemba pafupifupi magalamu 240. Nyemba zouma zikapsa zimalemera kuwirikiza kawiri kapena kawiri ndi theka, kotero magalamu 100 a zouma amalingana ndi chitini chimodzi, ndipo kilogalamu imodzi ndi zitini 9 kapena 10. Mpaka apa bambo apambana. Koma nyembazo zimafuna moto wa ola limodzi kapena ola ndi theka, ndipo moto wophikira kapu imodzi susiyana kwenikweni ndi wophikira kilogalamu. Mukamaphika zochepazochepa tsiku ndi tsiku, phindu lonse limathera pa gasi, magetsi kapena makala. Mukaphika zambiri kamodzi n'kugawa, zouma zimatsika mtengo kwambiri.

Chinanso chimene anthu amaiwala ndi zotayika. Masamba atatu mwa khumi akafota musanawaphike, mwalipira khumi koma mwadya asanu ndi awiri. Banja la anthu asanu limamaliza zinthu zisanaole, choncho inu kuphika nokha kukupindulirani. Munthu wokhala yekha nthawi zambiri amapulumutsa ndalama ndi chitini.

Chokuthandizani madzulo ndi msuzi wa tomato wokonzeratu tsiku lopuma. Dulani anyezi atatu akuluakulu, muwakazinge m'masipuni anayi a mafuta pa moto wochepa kwa mphindi 10, mpaka afewe ndi kuwala osada. Thirani adyo kwa theka la mphindi basi, chifukwa akapserera amawawitsa mphika wonse. Onjezani tomato wa magalamu 800, kaya wam'chitini kaya wamuwisi wodula, ndipo abwadamuke pang'onopang'ono osavundikira kwa mphindi 30 mpaka mafuta ayandame pamwamba. Gawani panayi. Gawo limodzi mukaliphatikiza ndi nyemba, mazira, nsomba kapena pasta, chakudya chimapsa m'mphindi 15, nthawi yomwe ija yotenthetsera cham'paketi.

Ndine wophunzira, ndili ndi kapoto kamodzi ndi ketulo. Ma noodles ndimadya pafupifupi tsiku lililonse. Kodi ndikudziwononga?
*Mnyamata wa ku koleji*

Achimwene, paketi imodzi siyingakudwalitseni, koma tsiku ndi tsiku ndiye tikambirane. Ma noodles ophika msangawa anawayambitsa Momofuku Ando ku Japan mu 1958. Ambiri amawaphika ndi nthunzi kenako n'kuwakazinga m'mafuta kuti madzi atuluke, ndipo timibowo totsalira ndi timene timamwa madzi otentha mwachangu. Ndiye kuti mafuta ali kale m'kati ngakhale inu simunathire. Mchere wochuluka uli m'kapepala ka zokometsera kaja. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ali ndi mamiligalamu 2,000 a sodium (chimodzi mwa zinthu zopanga mchere), ndipo mapaketi ambiri amapitirira mamiligalamu 1,000. Mbale imodzi yatenga theka la tsiku lonse, koma pakangotha maola awiri njala yabweranso, poti mulibe zomanga thupi zokwanira kapena zogwira m'mimba.

Thirani theka la kapepalako, ndipo msuzi wake musaumwe wonse. Madzi akawira, ponyani kaye dzanja limodzi la kabichi kapena karoti wodula mopyapyala, pakatha mphindi ziwiri ikani ma noodles, kenako swerani dzira pamwamba, muvundikire mphindi zitatu kapena zinayi mpaka ligwirane. Komanso kapoto kanuko kangathe zambiri. Mphodza zofiira zosenda zimapsa m'mphindi 15 mpaka 20 osaviika. Mpunga woyera umafuna mphindi 15 mpaka 18. Oats amapsa m'mphindi zisanu.

Masamba oumitsidwa mufiriji ndi am'chitini, muli chakudya m'menemo kapena ndi makoko chabe?
*Agogo a zidzukulu zinayi*

Muli chakudya, agogo. Masamba oumitsidwa amawafutsa pang'ono m'madzi otentha n'kuwaziziritsa mwachangu atangothyoledwa, choncho mavitamini ake sasiyana kwenikweni ndi a masamba atsopano, ndipo nthawi zina amaposa amene akhala masiku angapo akufota pashelefu. Cholakwika n'kuwasungunula kaye ndi kuwawiritsa nthawi yaitali, n'chifukwa chake amatepeta ngati phala. Achotseni mufiriji n'kuwaponya mumphika wotentha, mphindi zitatu mpaka zisanu zakwana.

Am'chitini amataya vitamini C wina chifukwa cha kutentha, koma zomanga thupi ndi zogwira m'mimba zimatsala. Vuto lake ndi madzi amchere. Khetsani, tsukuluzani ndi madzi oyera, mchere uchepako. Zipatso zam'chitini sankhani za m'madzi ake omwe, osati za m'manyuchi a shuga.

Adokotala anandiuza kuti ndichepetse mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Zolembedwa kuseri kwa paketi zimandizunguza mutu. Ndiziyang'ana pati?
*Bambo wa zaka 58*

Bambo, yang'anani malo awiri okha. Oyamba ndi mndandanda wa zimene aikamo. Amalemba kuyambira cholemera kwambiri kutsika m'munsi, ndiye mukaona shuga, mafuta kapena mchere pa zitatu zoyambirira, mwadziwa kale chimene mukugula. Shuga amabisala m'maina ambiri, monga glucose syrup, dextrose ndi maltose, ndipo akamugawa m'maina atatu aliyense amaoneka wochepa.

Achiwiri ndi mzere wa magalamu 100. Musadalire mzere wa gawo la munthu mmodzi, chifukwa gawolo amalisankha okha opanga, ndipo kawirikawiri limakhala laling'ono kuposa limene munthu amadyadi. Muyezo umene amagwiritsa ntchito ku Britain ndi wosavuta kuusunga pamtima: pa magalamu 100 aliwonse, mchere wopitirira magalamu 1.5 ndi wambiri, wosapitirira 0.3 ndi wochepa. Shuga wopitirira magalamu 22.5 ndi wambiri, wosapitirira 5 ndi wochepa. Ngati alemba sodium m'malo mwa mchere, chulukitsani ndi 2.5. Sodium wa mamiligalamu 600 ndi mchere wa magalamu 1.5.

Samalani kwambiri ndi zinthu zosamveka mchere pakamwa, monga buledi, mabisiketi ndi zakudya zam'mawa zam'bokosi, komanso timiyala ta zokometsera msuzi, timene gawo lake lalikulu ndi mchere weniweni. Soseji, bekoni ndi nyama zina zosungidwa ndi mchere zili ndi nkhani inanso: mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo magalamu 50 tsiku lililonse amakweza chiopsezocho ndi pafupifupi 18 pa 100 alionse. Zikhale za apo ndi apo.

Chenjezo limodzi lofunika: mchere umene amautsatsa kuti uli ndi sodium wochepa amausakaniza ndi potassium. Ngati muli ndi vuto la impso kapena mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, funsani adokotala musanaugule.

Ndinayesa kuphika nyemba za sabata yonse, koma m'mawa mwake zinali zitachita thovu ndi kusasa, chikhalirecho ndinaziika mufiriji. Chinalakwika n'chiyani?
*Mayi wongoyamba kumene banja*

Mwina munalowetsa mphika wonse uli wodzaza, kapena munausiya pachitofu usiku kudikira kuti uzizire. Tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo tina timawirikiza kawiri m'mphindi 20 zokha. Mphika waukulu umazizira kunja, pakati pakadali pofunda kwa maola ambiri, ngakhale mufiriji momwemo. Pakati pamenepo ndi pamene zinayambira kusasa.

Zikangopsa, zigaweni m'mabakuli osaya, chakudya chisapitirire masentimita asanu kuya kwake. Mukafuna zizizire msanga, khazikani mabakuliwo m'beseni la madzi ozizira n'kumatakasa. Zilowe mufiriji maola awiri asanakwane, kapena ola limodzi ngati kukutentha kwambiri. Firiji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsika, ndipo m'menemo zimakhala masiku atatu kapena anayi, osati sabata. Zotsalazo ziumitseni m'gawo la madzi oundana, momwe zimasunga kukoma kwake kwa miyezi itatu. Potenthetsa, tengani zokhazo mudye, ndipo zitenthe mpaka pakati kutuluke nthunzi.

Mpunga ndiwo wovuta koposa. Muli tizilombo totchedwa Bacillus cereus timene sitifa pophika, ndipo mpunga ukakhala pofunda timatulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa. Uziziritseni m'ola limodzi, muudye tsiku lotsatira.

Poti mwayamba nyemba, gwiraninso izi. Ziviikeni maola 8 mpaka 12, mutaye madziwo. Nyemba zofiira zikuluzikulu ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, chifukwa zosapsa bwino zimasanzitsa ndi kutsekula m'mimba. Tomato kapena mandimu muthire nyemba zitafewa kale, popeza zowawasa zimalimbitsa khungu lake. Nyemba zogonera zaka sizifewa ngakhale muthere moto wonse. Ndipo ngati mulibe firiji kapena magetsi sadalirika, kuphika za masiku ambiri si kwanu. Phikani za tsikulo, ndipo zitini ndi zouma zikhale nkhokwe yanu.

Chitini chaphwanyika pang'ono m'mbali. Nditaye?
*Wowerenga*

Ngati changobonyoka pang'ono pakati, chilibe vuto. Tayani ngati chabonyoka pamsoko kapena m'mphepete mwa chivundikiro, ngati chachita dzimbiri lolowa m'kati, chikudontha, kapena chatupa. Chotupa musalawe n'komwe, chifukwa mungakhale poizoni wa botulism, amene samveka fungo nthawi zonse ndipo amapha. Pa madeti, mawu oti "use by" ndi malire a chitetezo, musawadumphe. Oti "best before" akunena za kukoma chabe. Chitini mukatsekula, tsanulirani zotsala m'bakuli lovundikira n'kuika mufiriji.

Kodi n'zoona kuti zam'paketi zimanenepetsa, kapena n'kutiopseza chabe?
*Mtsikana wa mu ofesi*

Achemwali, zina zimaterodi. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2019, gulu lotsogozedwa ndi Kevin Hall ku National Institutes of Health, bungwe la boma lofufuza zaumoyo ku United States, linasunga anthu 20 kwa mwezi wathunthu, masabata awiri akudya zokonzedwa kwambiri kufakitale, masabata awiri zophikidwa kuchokera ku zinthu zosakonzakonza, aliyense akudya mmene wafunira. Pa zakufakitale ankadya makalori (muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ndipo analemera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, yomwe inatsikanso pa zakudya zinazo. Anthuwo anali ochepa, koma zimene anapeza n'zomveka: zakudya zofewa, zouma ndi zonona zimamezeka msanga, mimba isananene kuti yakhuta. Nsawawa zoumitsidwa mufiriji kapena tomato wam'chitini sizili m'gulu limenelo. Komanso keke yophika nokha ikadali keke, shuga wake sachepa chifukwa choti mwasakaniza ndi manja anu.

Nanga n'ziti zimene kudzipangira n'kungodzivutitsa?
*Bambo wokonda kuphika*

Pasta wouma, tomato wophwanya wam'chitini nyengo yake ikatha, nsomba zam'chitini ndi mkaka wokhalitsa, izi gulani. Buledi amadalira uvuni: kutenthetsa uvuni wonse chifukwa cha mtanda umodzi n'kutaya moto, koma mitanda itatu nthawi imodzi imapindula. Kuika nyama kapena masamba m'mabotolo kunyumba musayese popanda chipangizo chake chenicheni, chifukwa kufakitale amafikitsa madigiri 121, pamene madzi owira mumphika sapitirira 100, ndipo tizilombo ta botulism timapulumuka.

Zoti musagule zokonzeratu ndi msuzi wothira pa saladi (magawo atatu a mafuta, limodzi la viniga kapena mandimu, kamchere, kugwedeza m'botolo), zokometsera zosakaniza zodzaza mchere, mpunga wophikaphika wam'thumba, ndiponso anyezi ndi zipatso zodula kale, zimene zimakwera mtengo koma n'kuonongeka msanga poti mpeni watsekula njira ya mpweya ndi tizilombo. Nkhuku gulani yathunthu, muidule nokha, ndipo mafupa ake muwawiritse ndi anyezi ndi karoti pa moto wochepa kwa maola awiri. Sefani, ziziritsani msanga monga tafotokozera pa nyemba, muumitse m'timabakuli ta kapu imodzi imodzi, ndipo mchere muzithira tsiku lophikira.