Yankho kwa alamu pa zolumikizira mapaipi ofululira mowa

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko. Zithunzi zitatu zija mwaponya pagulupa ndaziona, ndipo funso lanu ndalimva: mwatopa kumasula ndi kumanganso mapaipi nthawi iliyonse mukamafulula, ndiye mukufuna zolumikizira zovula msanga, za chitsulo chosachita dzimbiri, zoti muike pa poto, pa pampu ndi pa choziziritsira. Kulemba zonsezi kunditengera nthawi, bola ndingolankhula.

Tengani ma camlock, aja a pachithunzi chachiwiri okhala ndi timikono tiwiri m'mbali. Akhale a theka la inchi, a chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 304, ndipo mtundu womwewo paliponse, kuti paipi iliyonse izitha kulowa pa chida chilichonse. Mukasakaniza mitundu, tsiku lofulula mudzapezeka mwagwira paipi yotentha m'manja mukusakasaka pomwe ingalowe.

Za pachithunzi choyamba zija, zokoka kampheteko m'mbuyo ngati za paipi ya mpweya wopopera matayala, n'zokoma chifukwa dzanja limodzi likukwana. Koma m'kati muli timipira tachitsulo ndi sipuling'i, ndipo madzi otsekemera a chimera akaumira mmenemo kampheteko kamakakamira. Komanso chitsulo chonsecho chimatentha, ndiye pokoka ndi zala mumapsa. Zachitatuzo ndi tri-clamp: timbale tiwiri tosalala, rabara pakati, chomangira chozungulira kunja. Pa ukhondo palibe chozipambana, chifukwa zilibe mazinga oti zinyalala zibisalemo. N'zoyenera pa chiwiya chomwe mowa umasasiramo, kumene tizilombo tating'ono tingakuwonongereni mowa wonse. Kungoti pomanga zimafuna manja atatu, ndipo ku mbali yotentha, kumene zonse zikuwira kale, phindu lake ndi lochepa.

Tsono ma camlock ali ndi zilembo, ndipo apa anthu amasokonezeka. Pali champhongo, chomwe chimalowa, ndi chachikazi, chokhala ndi timikono tija. F ndi champhongo cha mazinga akunja. A ndi champhongo cha mazinga am'kati. C ndi chachikazi chokhala ndi mchira wovekapo paipi. B, D ndi E ziliko, koma inu zisiyeni. Zamphongo ikani pa zida, zachikazi pa mapaipi. Chifukwa chake n'chakuti rabara ili mu chachikazi, ndiye ikakhala pa paipi imachoka pafupi ndi moto mukangovula, ndipo mumaitsukira limodzi ndi paipiyo. Werengani chonchi: potulukira pa poto, pobwererera pa poto, pampu polowa ndi potuluka, choziziritsira polowa ndi potuluka, zamphongo 6. Mapaipi atatu, nsonga ziwiriziwiri, ma C 6. Musanagule zamphongozo yang'anani chida chilichonse pachokha: valavu kawirikawiri imakhala ya mazinga am'kati ndiye imafuna F, pamene pampu zambiri zili ndi mazinga akunja ndiye zimafuna A.

Apa ndiye mumvetsetse, alamu, chifukwa kudontha kochuluka kumayambira pa mazinga, aja amisiri amati ma thread. Pali NPT ya ku America ndi BSP ya ku Britain. Pa theka la inchi zonse zili ndi mizere 14 pa inchi imodzi, ndiye chimodzi chimalowa mu chinzake bwinobwino, mpaka mumaganiza kuti zagwirizana. Koma mano a NPT anapendekera madigiri 60, a BSP madigiri 55. Mukapotokola kawiri katatu chimayamba kulimba, mukakakamiza ndi sipanala mazinga amaphwanyika, ndipo madzi akatentha mumangoona kadontho kakutuluka pansi pa valavu, do, do, osaleka. Onani pa valavu yanu kapena papepala lake kuti ndi mtundu uti, mugule wofanana. Pomanga kulungani tepi yoyera ija ya PTFE kanayi kapena kasanu, kutsata mbali yomwe mukumangira, mzere woyamba muusiye wopanda tepi kuti tizidutswa tisalowe mu pampu. Tepiyo sikuti imangotseka madzi ayi. Chitsulo chamtunduwu chikakhulana ndi chinzake chouma chimalumana n'kumatirirana, osamasukanso. Mukamva chikukhakhala pomanga, lekani, bwezani m'mbuyo.

Chachiwiri ndi rabara ya m'kati. Ma camlock ambiri amabwera ndi rabara yakuda ya Buna-N, yomwe malire ake ali cha pa madigiri 100 kapena kupitirira pang'ono, ndiye kuti pomwe madzi amawira pomwepo. Imauma, imang'aluka, nthawi zina imasiya kafungo. Ichotseni, muikemo ya silicone yovomerezeka pa zakudya, yomwe imapirira mpaka cha pa madigiri 200. Gulani zapadera khumi muziike m'kabotolo, chifukwa zimagwa potsuka osaziona, ndipo camlock yopanda rabara imathira madzi ngati sefa. Ya silicone ndi yofewa, timikono timatsekeka popanda kulimbana nato. Titsekeni tonse tiwiri nthawi imodzi. Mukatseka kamodzi kaye, champhongo chimapendekeka ndipo rabara imapanidwa mbali imodzi.

Pa ma C aja, suzumirani m'kati mwa mchira. Paipi yanu ya silicone ndi ya mamilimita 12.7 m'kati, koma mchira woti ulowe mu paipi yotere bowo lake limachepa kwambiri. Pampu zofululira mowa, zija zoyendera maginito, sizikoka zokha, zimadalira madzi kubwera okha mokwanira. Mukazipana polowera madzi ali pafupi kuwira, m'mutu mwa pampu mumapangika nthunzi, imayamba kulira ngati yameza timiyala, madzi n'kuima. Choncho funani ma C a bowo lalikulu, amalemba kuti high flow, mchira wake ndi wa 5/8 ya inchi. Paipi ya silicone imatanuka, mukaiviika m'madzi otentha imavekeka, kenako mumange ndi chomangira chachitsulo. Mukafuna kuchepetsa liwiro, tsekani valavu ya potulukira pampu, osati ya polowera.

Za 304 ndi 316 musavutike nazo. 304 ili ndi chromium pafupifupi 18 pa 100 ndi nickel 8 pa 100, ndipo pa mowa n'njokwana. 316 anaonjezamo molybdenum kuti izipirira mchere, n'njabwino, koma simukuifuna. Choti mupewe ndi chomwe sichinalembedwe nambala, chifukwa mwina ndi 201, ya nickel wochepa, yomwe imachita madontho a dzimbiri. Maginito sangakuuzeni zoona, chifukwa 201 nayonso siigwira maginito kwenikweni. Ma camlock a aluminium amaoneka ofanana koma n'ngopepuka m'manja, ndipo mankhwala otsukira amphamvu amawadya. A mkuwa wachikasu ena amakhala ndi mtovu pang'ono, pamene madzi a chimera ali ndi asidi woti n'kusungunula mtovuwo, pH yake (muyezo wa asidi) cha pa 5.2 mpaka 5.6. Ndipo chonde, musaviike chitsulochi m'mankhwala oyeretsera zovala aja a klorini. Amachiboola timabowo tating'ono tomwe simungatitsuke. Tsukani ndi PBW, mankhwala otsukira zida zofululira, m'madzi ofunda, tsukuluzani, kenako Star San, mankhwala ophera tizilombo.

Iii, ndikanaiwala chofunika. Camlock ilibe chotsekera m'kati. Mukavula, chilichonse chili mu paipi chimatuluka, ndipo ngati valavu ya poto ili yotsegula, malita 20 a madzi owira akubwera pamapazi panu. Zimitsani pampu, tsekani valavu, ikani kambale pansi, kenako vulani mutavala magolovesi. Zilipo zolumikizira zodzitseka zokha, koma sipuling'i yake imakola makoko a chimera ndi ma hops, timaluwa towawitsa mowa tija, n'kutsekeka. Mphindi 15 zomaliza zowiritsa, zungulitsani madzi owirawo mu pampu, mapaipi ndi choziziritsira musanatsegule madzi ozizira, kuti tizilombo tife monsemo.

Mlongo wanu akuti mukuganiza zogulanso kegi ya Cornelius, chigubu chachitsulo chosungiramo mowa ndi mpweya. Kumeneko ma camlock sagwira ntchito. Kuli ball lock, aja ankagwiritsa ntchito a Pepsi, ndi pin lock a Coca-Cola, ndipo sizilowana. Pa ball lock, cholumikizira cha mpweya chimapita pa mutu wa kegi wokhala ndi timipata m'mbali, cha mowa pa mutu wosalala. Zapulasitiki amazisiyanitsa ndi mtundu, chotuwa cha mpweya, chakuda cha mowa, koma zachitsulo zimafanana, ndiye zimateni tepi ya mitundu, chifukwa mukakakamiza pa mutu wolakwika chimakanirira. Zachitsulozo zimafunanso kawashala ka nayiloni pomwe zikulumikizana ndi paipi, apo ayi mpweya umathera pamenepo usiku umodzi. Jambulani valavu ya poto ndi mutu wa pampu chapafupi, zilembo zake zioneke, muponye pano ndione ngati ndi NPT kapena BSP musanagule.