Yankho kwa amalume pa za nyemba zopsa masamba kudimba

Amalume, ndamva funso lanu lija, lakuti nyemba zikufota ndi kupsa masamba m'mphepete chonsecho mukuthirira tsiku ndi tsiku. Musagule mankhwala opopera, si matenda ayi. Zoyerayera zimene zikuoneka pamwamba pa mizere dothi likauma, ndi mchere umenewo. Kwanu ku Chikwawa'ko mijigo yambiri madzi ake ndi amchere.

Mchere umapweteka mbewu pawiri. Poyamba umakanirira madzi m'dothi, muzu n'kulephera kuyamwa, mbewu n'kumafota ndi ludzu dothi lili lonyowa. Kenako sodiyamu wa mumcheremo amalowa m'mizu, n'kukwera ndi madzi kukafika kumasamba. Madziwo amauluka ndi dzuwa, sodiyamu n'kutsala. Akachuluka amalanda malo a potaziyamu, amene tsamba limadalira pogwira ntchito. N'chifukwa chake masamba akale a m'munsi ndi amene amayamba kupsa, awo amwa madzi nthawi yaitali. Tayang'anani bwino, muona kuti a kunsonga akadali obiriwira.

Mbewu nayo imalimbana nazo ndithu. M'mizu muli timapampu ting'onoting'ono, akatswiri amati SOS1, totulutsa sodiyamu kumubweza m'dothi. Tina, HKT1, timamuchotsa m'misempha ya madzi asanafike kutsamba. Wodutsa pamenepo amatsekeredwa m'kathumba ka mkati mwa selo kuti asaononge. Koma zonsezi zimadya mphamvu yomwe ikanapita ku zokolola, ndiye mbewu imapinimbira. Tsono nyemba, eee, ndi yofooka kwambiri pa nkhani imeneyi. Pa muyeso wa mchere wa m'dothi wotchedwa EC, nyemba imayamba kutsika zokolola pa 1.0, anyezi 1.2, chimanga 1.7, matimati 2.5, pamene khobwe amapirira mpaka 4.9, mapira 6.8, thonje 7.7. Ine ndikanati nyembazo muzisiye kaye, mudzale khobwe.

Chochita ndi dothilo n'kulitsuka. Madzi abwino, a mumtsinje kapena amvula, malita 150 pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndiye kuti ndowa za malita 20 zisanu ndi ziwiri ndi theka, amatsitsa pafupifupi theka la mchere wa m'masentimita 30 a pamwamba. Koma madziwo akhale ndi kopita. Kumbani kaye ngalande, apo ayi mcherewo ubwereranso pamwamba dzuwa likawomba. Madzi akamangoima osalowa pansi, dothi likauma n'kukhala gwa, ndiye kuti sodiyamu waononga dothi lenilenilo. Pamenepo pafunika gypsum, ufa woyera wothira m'dothi wothandiza kuchotsa sodiyamu, osati laimu kapena phulusa. Kuchuluka kwake akuuzeni alangizi atayeza dothi.

Pothirira musamangowaza pamwamba. Thirani okwanira mpaka ena adutse mizu, patsinde osati pamasamba, ndipo dothi lisamaume kwambiri pakati pa kuthirira kwina ndi kwina. Phimbirani ndi udzu. O, china, musadzale pamsana pa mzere, mchere umasonkhana pomwepo, dzalani m'mbali chakumunsi. Zitosi za nkhuku zosawola nazonso zili ndi mchere wambiri, ziyambe zawolerana.

Mukapita kwa alangizi mutenge madzi a pamjigopo m'botolo loyera kuti akayezenso mchere wake. EC yake ikapitirira 3.0, madzi amenewo si othirira ndiwo zamasamba.